Galimoto ikamamwa madzi ngati ng'ombe: kathiridwe ka kulanti ndi kusaka podontha

Corolla yanga ndi ya 1996, ndinaigula kwa mdala wina wa ku Mabvuku itatopa kale, ndipo kwa miyezi pafupifupi isanu ndinkayenda ndi botolo la Mazoe la malita 2 kuseri kwa mpando. Musaganize kuti munali Mazoe ayi, madzi okhaokha. M'mawa ulionse tsegulani boneti, thirani, tsekani, ulendo wa ku tauni, mpaka ana kunyumba anazolowera kuti asanakwere wina adzazitse kaye botolo la adadi. Tsiku lina amalume a ku Highfield, amene anayamba za umakanika nthawi ya ma Peugeot 404 ndi ma Datsun 120Y, anandipeza ndikuthira. Anaima kaye manja kumbuyo kenako n'kufunsa kuti, "Mphwanga, madzi ukuthira tsiku ndi tsikuwa akumapita kuti?" Ine ndinati, "Amauma ndi kutentha amalume, galimoto yakale." Anaseka mpaka kutsokomola. "Wauona mphika wa nyemba pamenepa? Madzi a mu injini amayenda motsekeredwa. Akachepa ndiye kuti pali pomwe akutulukira, ukapafune."

Nde zimene ndilembe panozi ndi zimene ndinaphunzira kuchokera tsiku limenelo, zina kwa amalumewo, zina mwa kupusa kwanga. Ambirife kuno ku Harare tikuyendetsa zakale, ma Fit, ma Sunny, ma Corolla, ena akadali ndi ma Mazda 323 omwe ankalumikizidwa ku Willowvale konkuno, ndipo galimoto yotere siifa ndi ukalamba kwenikweni, imafa ndi kutentha tsiku limodzi basi.

Tiyambe ndi mmene zimayendera, mwachidule. Wota pampu imakankha madzi kuzungulira mkati mwa injini, madziwo amatenga kutentha n'kupita nako ku redieta, mphepo ndi fani zimawaziziritsa, amabwereranso. Pakati pali thamositati, kachitseko kamene kamatseguka madzi akafika cha m'ma digiri 82 pa ma Toyota ambiri akale. Chotsekera cha redieta chija si chivundikiro wamba, chili ndi sipuling'i yosunga puresha, mukayang'ana pamwamba pake mupeza palembedwa 0.9 kapena 1.1. Kufunika kwake n'koti Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye madzi a m'ketulo kuno amawira asanafike pa 100, cha pa 95 awira kale. Injini nayo imagwira ntchito cha m'ma 90 momwemo, mwaona kuyandikana kwake? Chotsekera chikakhala chabwino madzi aja sawira mpaka atadutsa 115. Chikafooka, galimoto imawira pa msewu wa Simon Mazorodze madzulo muli pa mzere wosayenda, inu n'kumada nkhawa za hedi gasiketi, chomatira cha pakati pa mutu wa injini (hedi) ndi thupi lake, pomwe vuto ndi kanthu kotchipa kwambiri m'boneti monsemo.

Tsopano ichi ndikupempheni, olo muiwale zina zonse: injini ikatentha musatsegule chotsekera cha redieta. Mlamu wanga anachita zimenezi pa kombi ina ya anzake, galimoto itawira anthu ali piringupiringu kufuna kufika kuntchito, iye n'kutenga chinsanza n'kupotokola. Madzi anathovoka ngati mpope wophulika, anamupeza kuyambira pa dzanja mpaka pa chigongono, khungu linasupuka ngati la tomato wothiridwa madzi owira, chipsera chilipo mpaka lero. Madzi aja amakhala atadutsa powira koma puresha ikuwagwira, mukangotsegula onse amasanduka nthunzi nthawi imodzi. Dikirani. Theka la ola ndi pochepa, ola lathunthu ndiye bwino. Gwirani paipi yaikulu yakumtunda ija, ngati ikuotcha kapena yalimba gwa ngati tayala ndiye kuti sinakwane nthawi. Ikafewa, yalani nsanza yokhuthala pa chotsekera, potokolani pang'ono mpaka pomwe chimayamba chaima, mverani kaphokoso ka tsiii kathe, kenako dinikizani n'kumaliza, nkhope ili kumbali. Ngozi ikachitika ndithu, madzi ozizira oyenderera pa bala kwa mphindi 20 kenako kuchipatala, za Colgate ndi mazira pa bala lamoto zija ayi.

Nthawi yabwino yoyang'ana madzi ndi m'mawa galimoto isanalizidwe, itaima pamalo osapendekeka. Pambali pa redieta pali kabotolo kapulasitiki kolembedwa FULL ndi LOW, kena MAX ndi MIN. Madzi azikhala pakati pa mizere iwiriyo. Osadzaza mpaka kukamwa, chifukwa madzi akatentha amafufuma nde amafuna malo, mukadzaza adzatayika okha inu n'kumati pali podontha. Koma pa galimoto za ku Japan zakalezi musakhulupirire kabotolo kokha. Kamatha kukhala kodzaza bwinobwino redieta ili gwaa, chifukwa ngati pali pobooka kapena kapaipi kakang'ono kaja kang'ambika, injini pozizira imakoka mpweya m'malo mokoka madzi a m'kabotolo. Ine zinandipusitsapo zimenezi. Ndiye tsegulaninso chotsekera cha redieta musuzumire, madzi azioneka pakhosi penipeni. Amene muli ndi ma Benz, ma BMW ndi ma Golf, zanu zambiri zilibe chotsekera pa redieta, kabotolo komweko ndi kamene kali ndi puresha, ndiye kaopeni ngati mmene tikuopera redieta. Kabotolo kakada mpaka osaoneka mzere, unikani ndi tochi ya foni kuseri kwake, kapena kazuleni mukatsuke ndi timiyala ndi madzi, ambiri amangosolola. Ndipo onetsetsani kuti si kabotolo ka madzi otsukira galasi, musaseke, zimachitika.

Nanga tithire chani? Apa ndi pomwe timakangana kwambiri. Anthu amati kulanti, mankhwala othira m'madzi a injini amene ena amati antifirizi, ndi wa kumaiko a chipale, kuno kulibe. N'zoona kuti olo kuzizire bwanji mu Juni ndi Julaye, madzi a mu injini kuno saundana kawirikawiri. Koma kulanti ntchito yake si imeneyo yokha. Muli mankhwala oletsa dzimbiri, amatetezanso aluminiyamu kuti asadyeke, amathandiza silo, chotsekera choletsa kudontha cha mu wota pampu, komanso amakwezako pang'ono powira. Madzi okhaokha amadya injini mkati mwakachetechete. Pa ine, miyezi isanu ija ndinkathira a pa mjigo wa m'dera lathu, mukudziwa mmene madzi a m'mipope amavutira kuno, ndipo tsiku lomwe tinakhuthula munatuluka zinthu ngati tiyi wa mkaka wothira dothi la katondo. Madzi a pa mjigo ambiri ali ndi mchere wa m'miyala, zoyera zimene zimamatirira pansi pa ketulo zija, nde tangoganizani zimenezo zili m'timipaipi ta redieta topyapyala ngati udzu. Abwino ndi madzi osungunula aja amagulitsa othira mu batire, koma werengani botolo, pali madzi a batire ndi asidi wa batire, musasokoneze. Akasowa, a mvula oyera osefa bwino aposa a pa mjigo. Pamsewu zikavuta thirani aliwonse oyera omwe mwapeza, kusiyana n'kuyenda opanda madzi, koma mukafika mukonze.

Pogula kulanti werengani ngati ndi wosakaniza kale kapena wokhathamira. Wosakaniza kale mumangothira, osaonjezamo madzi. Wokhathamira mumasakaniza theka ndi theka, lita imodzi ya kulanti lita imodzi ya madzi, ndipo sakanizirani m'chigubu musanathire. Osathira wokhathamira yekhayekha poganiza kuti ndiye kuikonda galimoto, yekha satenga kutentha bwino ngati ali ndi madzi. Galimoto zing'onozing'onozi zimalowa malita 4 mpaka 6 zonse pamodzi. Za mitundu, wobiriwira ndi wachikale uja, amafuna kusintha pakatha zaka ziwiri, Toyota ali ndi wofiira ndi wapinki, Honda wake ndi wabuluu. Koma mtundu ndi utoto chabe, makampani amapaka mmene afunira, chofunika ndi zolembedwa pa botolo. Kusakaniza mitundu yosiyana nthawi zina kumapanga zinthu zonanda ngati phala zotseka redieta. Ngati simukudziwa zomwe mwini wakale ankathira, ndipo ambirife sitidziwa, onjezani madzi oyera kaye pang'ono, kenako mupeze Loweruka limodzi mukhuthule zonse, mutsuke mpaka madzi azituluka oyera, muthire mtundu umodzi, mulembe penapake dzina lake ndi mwezi. Ine ndinalemba ndi maka kunsi kwa boneti. Chenjeraninso ndi kulanti wa m'mabotolo opanda zolemba wogulitsa m'mbali mwa msewu, wina ndi madzi opaka utoto basi.

Ngati mwangoonjezera kapu imodzi m'kabotolo palibe nkhani, tsekani muzipita. Koma ngati redieta inatsika kwambiri kapena munakhuthula, mkati mwalowa mpweya ndipo uyenera kutuluka, apo ayi geji ya kutentha izingokwera n'kutsika ngati yapenga. Imikani galimoto mutu uli kumtunda, olo pa kachitunda ka pageti. Ikani hita pa kutentha kwambiri. Thirani pang'onopang'ono, osati khuthu, mpaka pakhosi. Lizani injini chotsekera chili chotsegula, injini ikadali yozizira, muisiye izilira yokha. Muona timathovu tikutuluka, madzi n'kumatsika, inu muzionjezera, muzifinyanso paipi yakumtunda ngati mukukama ng'ombe koma zala ndi malaya zikhale kutali ndi fani, fani yamagetsi imayamba yokha osachenjeza. Paipi ija ikayamba kutentha ndiye kuti thamositati yatseguka, madzi atsikanso kamodzi, dzazani, tsekani chotsekera, dikirani fani izungulire n'kusiya. Lowani mkati muone ngati hita ikutulutsa mphepo yotentha, ikamatulutsa yozizira mpweya ukadalimo. Mawa lake m'mawa yang'ananinso, nthawi zambiri pamafunika kuonjeza pang'ono. Galimoto zina zili ndi kabawuti kotulutsira mpweya pafupi ndi thamositati, ngati yanu ili nako kagwiritseni ntchito.

Tsopano kusaka podontha, komwe ine ndinkazemba. Amalume anandiuza kuti ndipeze katoni yaikulu, ndinakapempha ya firiji pa shopu, n'kuiyala pansi pa injini usiku galimoto itangofika kumene ikadali yotentha. M'mawa katoni imakuuzani zambiri. Dontho la kulanti limakhala la mtundu, loterera pa zala, lonunkhira motsekemera. La oyilo ndi lakuda. Madzi oyera opanda fungo cha kumbuyo kwa injini mbali ya pasenja mutayenda ndi eyakoni si vuto, ndi thukuta la eyakoni limenelo. Mukapeza dontho musasunthe katoni, yang'anani molunjika kumtunda kwake ndi tochi, koma dziwani kuti madzi amatsetsereka, pomwe adonthera pansi si pomwe atulukira, tsatirani njira yake chokwera mpaka pomwe payambira kunyowa. Vuto n'loti podontha pang'ono sipafika pansi, madzi amauma pa chitsulo chotentha. Pamenepo fufuzani zipsera, zoyera ngati mchere kapena zobiriwira kapena zapinki zouma ngati chikonga. Ndi ubwino winanso wa kulanti umenewu, amasiya chizindikiro, madzi wamba sasiya.

Yambani ndi mapaipi chifukwa ndi otchipa. Injini itazizira finyani iliyonse. Yabwino imakhala ngati labala wamoyo, mukaisiya imabwerera. Yofewa ngati nthochi yakupsa, yotupa pafupi ndi kilampu, kapena youma yolira ngati mukuthyola nkhoko za nsima ya dzulo, imeneyo yatha. Paipi yomwe oyilo amadontherapo imafa msanga. Osangoona ziwiri zazikuluzo, pali ting'onoting'ono kuseri kwa injini topita ku hita ndi tina pansi pa manifodi, timeneto ndi tomwe timaphulika pa ulendo chifukwa palibe amatiyang'ana. Nthawi zambiri podontha ndi pa kilampu penipeni. Ngati ndi ya sikulu imangeni pang'ono, koma pa khosi la pulasitiki osalimbitsa ngati mukumanga wilo, liphwanyika. Ngati paipi yang'ambika kumapeto ndipo ili ndi utali wokwanira mutha kudula kachidutswako n'kuibwezera, zikufikitsani kumapeto a mwezi. Pogula ina tengani yakaleyo m'manja, kaya ndi ku mashopu a msewu wa Kaguvi kaya ku msika wa Siyaso, mukayerekeze mapindidwe ake pomwepo, zongonena kuti ya Corolla mubwerera kawiri.

Yanga inali redieta yeniyeniyo. Ma redieta a galimoto za m'ma 1990 kubwera kuno ambiri ndi aluminiyamu pakati, pamwamba ndi pansi pulasitiki yopanidwa ndi timano. Pulasitiki ija ikakalamba imasintha kuchoka pa yakuda n'kukhala yofiirira ngati khofi, ikatero dziwani kuti yauma. Pa yanga panali kamng'alu kochepa ngati tsitsi pafupi ndi khosi la paipi yakumtunda, injini ikazizira osaoneka ndi pang'ono pomwe, ikatentha kamatseguka n'kumapemerera kanthunzi. Tinakaona titapita kwa munthu wina wa ma redieta amene ali ndi kapampu koyezera puresha, amakamangirira pa khosi la redieta n'kupopa injini ili yozizira, pasanathe mphindi kadontho kanatuluka ngati msozi. Ngati mwasaka osapeza, lipirani zimenezi, sizidula ndipo zikupulumutsani kugula zinthu mongolota. Ndinayesa kumata ndi guluu wa Pratley, ndinapala bwino n'kupukuta, inagwira masabata atatu kenako mng'alu unangopitirira kutsogolo kwa pomwe ndinamata. Pulasitiki yotopa siimva mankhwala. Pali anthu amasintha thanki yapamwamba yokhayo, ena amakupangirani ya chitsulo, koma ngati pakati paja patsekekanso ndi zoyera za pa mjigo bola kugula redieta yonse. Amene muli ndi ma redieta akale a kopa ndinu odala, amenewo amawotcherera ndi mtovu n'kukhalanso zaka. Za redieta ya pa galimoto yophwasula, onani mtundu wa pulasitiki kaye, mutha kugula nkhalamba inzake.

Chotsekera nacho chitembenuzeni muone labala wake. Akang'ambika, akauma kapena sipuling'i ikafewa, gulani china cha nambala yomweyo. Osakweza nambala poganiza kuti 1.3 ndiye yamphamvu, pa galimoto yakale puresha yoonjezayo ikafuna potulukira ipeza paipi yofooka kapena hita.

Wota pampu ikayamba kutha imalira, kaphokoso ka gwegwegwe kapena kulira kwa bering'i, ndipo pansi pake pali kabowo kamene anakasiya dala, silo ikatha madzi amatulukira pamenepo n'kusiya mzere wa chipsera. Injini itazima gwedezani pule yake, ikamasewera yatha. Ngati pa galimoto yanu pampu imayendetsedwa ndi taiming'i beluti, sinthani zonse ziwiri tsiku limodzi, ntchito yomasula ndi imodzi yomweyo. M'mbali mwa buloko, thupi la injini, muli tizitsekero tachitsulo tozungulira ngati ndalama, amakanika amati ma welch plug, timeneti timaboola ndi dzimbiri makamaka pa galimoto yomwe yakhala ikumwa madzi wamba. Kachitsulo kake n'kotchipa koma kena kamabisala kuseri kwa giyabokosi, pamenepo ndiye mulira. Kenako hita. Mukamamva fungo lotsekemera mkati, galasi lakutsogolo likuchita nkhungu yonata, kapeti ya kutsogolo yanyowa koma sikunagwe mvula, ndiye kuti karedieta ka hita kuseri kwa dashibodi kabooka. Kukachotsa ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Ambiri amangozula mapaipi awiri opita ku hita n'kuwalumikiza okhaokha ndi kachitsulo, zimagwira bwinobwino, kungoti mu Juni muziyendetsa mutavala jekete ndi chipewa.

Nanga ngati kunja konse kuli kouma koma madzi akuthabe? Apa khalani pansi kaye. Madzi akulowa mkati mwa injini, ndipo kawirikawiri ndi hedi gasiketi, mwina hedi yeniyeniyo yapindika kapena yang'aluka. Zizindikiro zake: utsi woyera wambiri ku ekizozi wosatha olo injini itatentha, wonunkhira motsekemera, osati kanthunzi ka m'mawa wa chisanu kaja komwe kamatha mukafika pa robhoti yachiwiri. Pansi pa chotsekera cha oyilo pamakhala zonona ngati mayonezi, pa dipisitiki oyilo amaoneka ngati tiyi wa mkaka ndipo amakwera m'malo motsika. M'redieta mumatuluka thovu losalekeza injini ikulira, paipi yakumtunda imalimba gwa patangopita mphindi zochepa mutaliza, m'mawa injini imayamba ndi kunjenjemera ngati pulagi imodzi yafa kenako n'kukhazikika. Chizindikiro chimodzi chokha chisakuthamangitseni, mayonezi pang'ono amapezekanso pa galimoto yongoyenda maulendo afupiafupi nthawi yozizira. Pali mankhwala abuluu amene amayezera mpweya wa pa khosi la redieta, akasanduka achikasu ndiye kuti utsi wa injini ukulowa m'madzi, funsani makanika amene ali nawo musanalole munthu kumasula hedi. Ndipo akamasula, hedi ipite ku injiniyaring'i akaiyeze ngati ili yowongoka, kungoika gasiketi yatsopano pa hedi yopindika n'kutaya ndalama kawiri. Mufunsenso chomwe chinatenthetsa poyamba, gasiketi siipsa yokha. Pa za otomatiki palinso china, oyilo wa giyabokosi amadutsa m'kapaipi mkati mwa redieta, kakabooka madzi ndi oyilo zimasakanikirana n'kukhala zapinki zonona, mukaona zimenezo galimoto isayendenso.

Za mazira, tsabola, kare, fodya wa m'mphuno ndi sopo zothira m'redieta kuti zitseke podontha, eee tonse tinazimva. Amalume amavomera kuti dzira laliwisi linawafikitsapo kunyumba usiku wina kalekale ndi lole ya redieta ya kopa, loyera lija limapsa n'kukatseka kabowo. Koma amanenanso kuti mawa lake anakhalira kutsuka tsiku lonse ndi fungo losaneneka. Dzira silidziwa kusiyanitsa bowo lomwe mukufuna litseke ndi timipaipi ta hita ndi redieta tomwe tikufunika kukhala totseguka. Mankhwala a m'botolo otseka podontha aja nawo ndi chimodzimodzi kungoti ndi aulemu, pa kabowo kakang'ono ka pakati pa redieta amathandiza ndithu, botolo limodzi, motsatira zolembedwa. Pa paipi yong'ambika, pa pulasitiki yosweka, pa wota pampu, palibe chomwe angachite. Choipa ndi munthu wothira botolo lachiwiri ndi lachitatu. Ndipo mukamagula galimoto yakale suzumirani m'redieta, mukaona zonyezimira ngati mchenga wa kopa kapena zamatope, wogulitsayo pali chomwe akubisa.

China chomwe amakanika a pansi pa mtengo amakonda ndi kuchotsa thamositati n'kulumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse, amati kuno n'kotentha siifunika. Ine ndimakana. Injini yopanda thamositati imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri chifukwa kompyuta imaona ngati kukadali m'mawa, imathanso msanga mkati, ndipo vuto lenileni lomwe limatenthetsa likadali pompo, mwangolifunditsa bulangete. Thamositati ikakanirira yotseka, inde ichotseni kuti mufike kunyumba, koma mugule ina. Kuiyesa n'kosavuta, iponyeni m'poto wa madzi pa moto, izitseguka madzi asanawire. Mayi a kunyumba asakuoneni ndi poto wawo wa ndiwo.

Mukakhala pamsewu geji n'kuyamba kukwera, zimitsani eyakoni, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi mawindo omwe, hita ija ndi karedieta kachiwiri nde imathandizako, kenako fufuzani poima msanga. Ikafika pofiira kapena mwaona nthunzi, imani pomwepo muzimitse, zoti ndingofika pa sevisi siteshoni ili apoyo ndi zomwe zimapha ma injini. A ma Honda Fit akale mulibe geji, muli kanyali kabuluu kapena kobiriwira ka kuzizira ndi kofiira ka kutentha, kofiirako kakangophethira musakambirane nako. Chinanso choopsa, madzi akatheratu geji nthawi zina imatsika chifukwa sensa ilibe choyeza, hita n'kuyamba kutulutsa mphepo yozizira, inu n'kumati zakhala bwino pomwe injini ikupsa. Tsegulani boneti nthunzi ikasiya, dikirani ola lija, musathire madzi ozizira mu injini yotentha kapena kuikhuthulira chidebe pamwamba, hedi imang'aluka. Podikirapo onani ngati fani imazungulira, fyuzi yake, ndi beluti ngati ilipo. Ngati podontha ndi pang'ono, dzazani, muyende pang'onopang'ono diso lili pa geji, muziima n'kumaonjezera. Ngati mukuthira pamwamba pansi pakutuluka ngati mpope, itanani wokukokani.

Kulanti wakale musamusiye m'beseni pabwalo. Amatsekemera, agalu ndi amphaka amanyambita, ana nawonso, ndipo ndi poizoni woononga impso, pang'ono pokha amapha. Musamusungire m'botolo la chakumwa, makamaka wobiriwira uja amafanana ndi kirimu soda. Muikeni m'chigubu cholembedwa mukasiye ku garaja, potayikira tsukani ndi madzi ambiri. Mwana akamwa thamangirani kuchipatala olo akuoneka bwinobwino.

Amene mukuganiza zopita kumudzi pa Disembala ndi galimoto yanu, njira ya Mutoko, Nyamapanda, kudutsa Tete mpaka Zobue ndi Mwanza, konzani zonsezi kukadali mwezi, osati usiku wonyamuka, kuti muyende nayo kaye m'tauni muone ngati mzere wa m'kabotolo ukukhala malo amodzi. Galimoto yomwe imapirira kuno kumtunda ikatsikira ku chigwa cha Zambezi itasenza masutikesi ndi anthu asanu imaulula matenda onse, kutentha kwa ku Tete mukukudziwa. Tsukaninso kumaso kwa redieta, tizilombo ndi udzu zimatseka mphepo, madzi a paipi ochokera kumbuyo kwake osati a puresha yambiri. M'buti mukhale chigubu cha malita 5, makilampu awiri atatu, sikuludiraiva, pulayala, tepi ndi nsanza yokhuthala. Paipi yakale yomwe mwachotsa ikadali yosabooka musataye, iponyeni momwemo.

Yanga tinasintha redieta, chotsekera ndi mapaipi awiri, amalume atakhala pa kampando akulozera ndi ndodo, ine ndili m'munsi. Mawa lake ndinaonjezera theka la kapu, kuchokera pamenepo mzere uli pomwe ndinaulemba ndi maka. Ndimayang'anabe Lamlungu lililonse tisanapite ku tchalitchi. Botolo la Mazoe lija ana analitenga, akuthirira nalo repu kuseri kwa nyumba.